Injini Yozima Ikatentha

Pagalaja pake anthu ankamutchula kuti Makutu. Dzinali linayamba kalekale, nthawi imene galimoto inkati ikamalowa pageti, iye ali chagada kunsi kwa galimoto ina, ankatha kunena osasuzumira n'komwe kuti, "Imeneyo pulagi imodzi yafa." Akatsegula boneti ankapezadi zomwezo. Koma chaka chathachi sitiroko inamugwetsa m'mawa wina akusamba m'manja pampopi. Anagona m'chipatala, kenako anakhala pampando wa pakhonde miyezi yambiri, akuphunziranso kumanga mabatani a malaya ngati mwana. Mwendo unabwerera, pakamwa panawongoka, koma dzanja lamanzere linatsala lolemera komanso losamva bwino, ndipo mawu ena ankamuthawa. Ankatha kugwira sipanala, akuyiona bwinobwino, dzina lake osabwera.

Galajayo inali kuseri kwa nyumba, yamalata, yokhala ndi dzenje lokonzera galimoto pakati ndi tcheni yokwezera injini yolendewera kumtanda. Makasitomala anali atapita kwina, ndipo iye sankawaimba mlandu. M'dzenje muja nkhuku ya mkazi wake inali itayamba kuikira.

Amene anabweretsa ntchito yoyamba anali mlongo wake wamng'ono, mayi wamfupi wa mawu akuluakulu, amene ankagula mazira kufamu ya nkhuku n'kumaperekera m'masitolo. Eni masitolo ankangomutchula kuti Mai Mazira. Pikapu yake inali itafera pamtunda wina, injini itanoka moti panalibenso chokonza. Sanafunse kaye. Anakagula injini ina yogwirapo kale ntchito kwa ogulitsa zipangizo za galimoto zakale, n'kubwera nayo pa lole, pikapu ikukokedwa kumbuyo.

"Achimwene, ndabweretsa injini. Muyiike."

Makutu anayang'ana injiniyo itakhazikidwa pa tayala lakutha, kenako anayang'ana dzanja lake.

"Iwe, ukudziwa mmene ndililimu. Pita nayo kwina."

"Kwina kuti? Ine ndili ndi makaniko mmodzi, tinabadwa mimba imodzi. Dzanja limodzi lilipo, mutu ulipo. Dzanja linalo mubwereke kwa aneba anu owotcherera zitsulowa, amangokhalira kuwerenga nyuzipepala."

Anakana mpaka madzulo, koma m'mawa mwake mkazi wake anamupeza m'galaja atavala ovolosi, akuthamangitsa nkhuku.

Ntchito imene kale ankaimaliza masiku ochepa inamutengera masabata. Wowotcherera uja ankabwera kudzakoka tcheni ndi kumasula mabawuti ouma. Zina zonse Makutu anachita yekha, pang'onopang'ono, bawuti iliyonse akuimanga kenako n'kuibwereranso kukaiyesa. Injini yatsopanoyo inali ya mtundu womwewo koma ya chaka china, choncho tizinthu tina tinali posiyana: apa kabowo kasunthira uko, apo kapaipi kafupika. Anakonza zonsezo. Tsiku loliza, mlongo wake anakhala pachiwongolero, iye ataima pambali, dzanja lodwala lili m'thumba. Atangotembenuza kiyi, injini inalira nthawi yomweyo, mawu ake osalala ngati makina osokera. Wowotcherera anaomba m'manja. Mkazi wa Makutu anatuluka m'khitchini ali ndi thovu la sopo m'mikono. Makutu anangopukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja ngati walowa utsi.

Chisangalalocho sichinakhalitse. Pikapu itangobwerera pamsewu, foni inalira chakumasana.

"Achimwene, yazima pamaloboti. Sitata ikuzungulira koma siikugwira."

"Petulo alimo?"

"Mukundiyesa mwana? Alimo wambiri."

Makutu asanapeze n'komwe womutengera kumeneko, foni inaliranso. Injini yalira yokha, anatero mlongo wake, itangopuma pang'ono. Anabwera nayo madzulo. Makutu anatsegula boneti, n'kuweramira injini ikulira, ndipo anamva kamluzi kakang'ono chakumbuyo. Kanali kapaipi ka mpweya kong'ambika kunsi, kakale, kochokera ku injini yakufa ija. Anadula kena n'kuikapo, mtima uli m'malo. Wamva yekha ndi khutu lake, wapeza yekha. Usiku umenewo anagona tulo tabwino.

Mawa lake inazimanso, pakhomo pa sitolo ina, mazira ali padzuwa.

Kuyambira pamenepo zinthu zinangokhala choncho. M'mawa, injini itazizira, inkalira kiyi kamodzi. Ikayenda n'kutentha, inkazima popanda chenjezo, osatsokomola, osanjenjemera, kungoti zii ngati munthu wazimitsa nyale. Ikatero inkakana kulira, kenako n'kudzalira yokha ikafuna. Makutu anasintha sefa ya mafuta. Anamvetsera pampu ya m'thanki, inkalira bwino. Anapala mitu ya batire mpaka kuwala. Anamasula waya wa ethi, wolumikiza batire kuchitsulo, n'kupala pamene amagwira injini, n'kumanganso. Anatulutsa mapulagi, anali ouma ndi oyera bwino. Chimene chinkamupweteka mutu n'chakuti pikapuyo ikafika m'galaja inkakhala yaulemu ngati mlendo. Ankailiza n'kuisiya ikulira pamalo amodzi mpaka fani kuyaka ndi kuzima kangapo, iye atakhala pa ndowa yovundikira akudikira kuti izime. Sinazimepo.

"Imakuopani," anatero mlongo wake. "Ikangotuluka pageti imayamba mwano."

Ankanena moseka, koma Makutu ankaona kuti mayiyo watopa. Sitolo ina inali itamuuza kuti ngati mazira azifika masana, apeza wina. Tsiku lina anachita kusamutsira mathileyi onse m'galimoto ya munthu wongodutsa, mazira ena n'kusweka. Sanamudandaulire mchimwene wake ngakhale kamodzi, ndipo kusadandaulako n'kumene kunkamulasa kwambiri.

Maganizo amene ankamudya sanali a waya kapena a pampu. Ankaganiza kuti mwina pali chimene anaiwala m'katimo, chinthu chachikulu chimene makaniko aliyense sangaiwale, ndipo mutu wake wachitaya monga umatayira dzina la sipanala. Anayamba kumasula zinthu zimene anazimanga bwino kale kuti angoona ngati anazimangadi. Akakhala patebulo ankangotakasa tiyi mpaka kuzizira.

Mkazi wake anamuyang'ana masiku angapo. Tsiku lina akusita malaya pabalaza anafunsa osadzutsa mutu.

"Abambo, musanadwale muja, galimoto zimene munkakonza sizinkabwererako?"

"Zinkabwerera. Zina."

"Ija ya aphunzitsi ija, inabwerera kangati? Mpaka ana ankaikwera ngati yathu."

"Imene ija inali ndi vuto lobisika."

"Ndiye nthawi imeneyo munkati mutu wanu wafa?"



"Munkatukwana galimoto, osati mutu wanu," anatero mayiyo, akutembenuza kolala. "Itanani mnzanu wa mawaya uja abwere ndi makina ake. Kale munkamuitana osachita manyazi."

Wa mawaya anabwera pa njinga yamoto, makina oyezera ali m'chikwama chakumsana. Anali bambo wa ndevu zometa bwino, amene anagwirapo ntchito zambiri ndi Makutu zaka zam'mbuyo. Analumikiza makinawo kunsi kwa chiwongolero n'kukhala pampando, mwendo umodzi uli panja.

"Madala, injini mwaiika bwino iyi. Imveni mmene ikulirira. Koma kompyuta ya galimoto ikudandaula chinthu chimodzi. Kasensa kamene kamaiuza kuti injini ikuzungulira, uthenga wake umaduka nthawi zina. Ukaduka, kompyuta imayesa kuti injini yaima, ndiye imatseka moto ndi mafuta."

"Kasensa kafa?"

"Mwina. Makinawa amangonena kuti uthenga ukuduka, sanena pamene ukudukira. Kakhoza kukhala kasensa, akhoza kukhala waya wake, ikhoza kukhala kompyuta yeniyeniyo. Tiyambe ndi chapafupi."

Anachotsa kasensa ka pa injini yakufa ija, imene inali idakali pakona itafundidwa chiguduli, n'kukaika pa yatsopano. Anayeza waya kuchokera kunsonga ina kufika ina, ndipo mita inaonetsa kuti ndi wamoyo. Wa mawaya anatsuka m'manja n'kunena kuti ngati izimanso, ndiye kuti maso onse aloze ku kompyuta, ndipo imeneyo kuipeza kwake n'kovuta.

Inazimanso tsiku lotsatira.

Madzulo ake mlongo wake anaimika pikapu pageti, osalowa nayo m'galaja. Anatsika n'kukhala pa sitepe ya khonde, n'kuvula nsapato.

"Achimwene, mawa mukwere. Mwaimvetsera mokwanira ili chiimire. Mukaione kumene imachitira misala yake."

Makutu anali asanayendepo ulendo wautali chidwalireni, kupatula wa kuchipatala. Anayang'ana mkazi wake, amene anangoti, "Mankhwala anu ndikuikirani m'thumba la ovolosi."

Ananyamuka m'mawa dzuwa litangotuluka. Kufamu, anyamata a kumeneko anasanja mathileyi kumbuyo, mlongo wake akuyendera thileyi iliyonse ndi maso, akuchotsa dzira long'aluka apa ndi apo. Anafunditsa lona n'kumanga zingwe. Makutu anaika bokosi la zipangizo pamapazi pake, zenera atatsitsa kuti azimva injini.

Anali asanaonepo mlongo wake ali pantchito. Ankayendetsa mofatsa ngati wanyamula wodwala, mabampu akuwakwera chammbali, koma pakamwa posapuma. Pasitolo iliyonse ankadziwa dzina la mwana wa mwini wake, amene akudwala, amene wakwatiwa. Ankatsitsa mathileyi ataunjika mpaka pachibwano, n'kukankha chitseko ndi phazi.

"Awa ndi achimwene anga," ankatero paliponse. "Ndi amene anaika injini."

Makutu ankafuna kumira mumpando. Atachoka pasitolo ina anati, "Ungosiya kumanena zimenezo. Injini yake yomazima pamsewuyi?"

"Nanga ndiziti anaika ndani? Inuyo muli ndi vuto limodzi, achimwene. Chidwalireni mwayamba kupepesa chilichonse. Dzulo munapepesa mpando mutaugunda. Ine ndinazolowera achimwene ondikalipira chifukwa choyenda ndi oyilo wakuda."

"Oyilo wako ndi wakudadi."

"Eya, bwerani choncho."

Dzuwa linakwera, singano ya kutentha inafika pakati n'kukhazikika. Anadutsa msewu wautali wosalala, injini osaphonya ngakhale pang'ono. Makutu anayamba kuganiza kuti lero iwachititsa manyazi pokana kuzima. Kenako anafika pamphambano ya pamtunda, pamene msewu wawo unkalowa mumsewu waukulu. Anaima kudikira mpata, kumbuyo kutandandana galimoto. Mpata utapezeka, mlongo wake anatsitsa handibuleki, n'kuyamba kutulutsa kilatchi akuponda mafuta. Pikapu inangosuntha pang'ono, injini n'kuti zii.

"Ndi imeneyotu," anatero mayiyo, akukoka handibuleki. "Mwaionera nokha."

Mahutala anayamba kumbuyo. Woyendetsa basi anatulutsa mutu pazenera n'kufunsa ngati abwera kudzagona pamenepo. Amuna awiri ogulitsa zinthu m'mbali mwa msewu anabwera osaitanidwa, zikuoneka kuti sikanali koyamba, n'kuthandiza kuibweza chammbuyo mpaka inatsamira kunja kwa msewu, pansi pa chikwangwani chachikulu chimene chinkapereka kamthunzi.

Makutu anatsegula boneti. Kutentha kunamuwomba kumaso. Anazula waya wa pulagi imodzi, n'kulowetsamo pulagi yapadera ya m'bokosi, n'kuigunditsa pachitsulo.

"Liza."

Sitata inazungulira mwamphamvu, koma papulagi panalibe moto ngakhale kadontho. Anayang'ana mawaya onse amene ankaoneka, anagwedeza zolumikizira mawaya zimene dzanja lake linkafika. Zonse zinali m'malo mwake. Anabwezera waya wa pulagi uja n'kuima, thukuta likutsika m'khosi.

"Imazima chonchi nthawi zonse? Ponyamuka?"

Mlongo wake anaganiza kaye. "Pamaloboti paja ndinkanyamuka. Pasitolo paja ndinkabwerera m'mbuyo kukwera kachitunda ka pakhomo. Kunena zoona siinazimepo ndikuthamanga."

"Ili ndi katundu?"

"Yodzaza. Pobwerera ikakhala yopanda kanthu siivuta kawirikawiri."

"Bwanji sunandiuze?"

"Munandifunsa? Inu mumangofunsa za petulo." Anatsika n'kubwera kutsogolo. "Tapatukani ndikuonetseni mankhwala ake. Musaseke."

Anachotsa kachitsulo kochirikiza boneti, n'kuikweza m'mwamba, n'kuimenyetsa pansi mwamphamvu moti pikapu yonse inagwedezeka. Anabwerera pachiwongolero, n'kutembenuza kiyi. Injini inalira.

"Siigwira nthawi zonse," anatero, ngati akupepesa. "Nthawi zina mpaka ndiitukwane kaye."

Makutu sanaseke. Anaima akuyang'ana boneti yotsekayo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'masabata onsewa maganizo ake anasiya kuzungulira pa iye mwini. Chinthu chimene chimachira ndi kugwedeza si kompyuta. Ndi chinthu cholendewera, chimene chimasuntha. Ndipo chimasuntha injini ikamakoka katundu pamtunda, pamene imapendekeka pa mphira zake. M'galaja muja inkangolira ili tayale, yosakoka kanthu.

Anatola miyala iwiri ikuluikulu n'kutsekera matayala akutsogolo. Anatsegulanso boneti n'kuima pambali, osati kutsogolo.

"Koka handibuleki mpaka kumapeto. Ika giya yoyamba. Uzitulutsa kilatchi pang'onopang'ono ngati ukunyamuka, koma usanyamuke. Ndikakweza dzanja, uponde."

"Mukandiphera kilatchi mugula ndinu."

"Chita zimene ndakuuza."

Injini inalemedwa, mawu ake n'kutsika, ndipo yonse inapendekera kumbuyo ngati munthu wokoka chingwe. Makutu anayang'ana kutsogolo kwake, sanaone kanthu. Anakweza dzanja. Anazungulira mbali ina, n'kuwerama mpaka tsaya kutsala pang'ono kugunda chitsulo, tochi ali nayo kukamwa, akuunika mumpata wopapatiza wa pakati pa injini ndi khoma la galimoto.

"Bwerezanso."

Injini inapendekeka. Pansi penipeni, kuseri kwa kachitsulo kotchinga kutentha, waya wakuda woonda anatsika pang'ono n'kukhudza paipi ya ekizozi. Nthawi yomweyo injini inazima.

Makutu anakhala chiweramire. Anachotsa tochi kukamwa n'kuunikanso bwino. Anali waya wa kasensa kaja. Pamwamba pake ankaoneka wabwinobwino, koma kunsi, mbali yoyang'ana ekizozi, chikopa chake chinali chitasungunuka, timawaya ta m'kati tikunyezimira. Chapafupi pankalendewera kachingwe ka pulasitiki komangira mawaya, kopsa n'kuduka.

Atangokaona kachingweko anakumbukira zonse, osati mwa apo ndi apo, koma bwinobwino ngati zachitika m'mawa womwewo. Pa injini yakale panali kachitsulo kogwira waya ameneyu kutali ndi ekizozi. Pa yatsopanoyi panalibe bowo lomangapo kachitsuloko. Iye anaona zimenezo, anamangirira wayayo kupaipi ina ndi kachingwe ka pulasitiki kuti ayambe waliza, n'kudziuza kuti wowotcherera adzamupangira kachitsulo kena. Kenako injini inalira kiyi kamodzi, anthu anaomba m'manja, ndipo nkhani ya kachitsulo inathera pomwepo. Kutentha kunadya kachingwe, waya n'kugwera pafupi ndi ekizozi. Akatentha ankafewa n'kumatirira pomwepo, akazizira kapena akagwedezeka ankachoka. Poyeza ndi mita paja injini inali yozizira, waya ali patali, ndipo malo opsawo anali kumene dzanja lamanja silikanafika, lamanzere likanafika koma osamva kanthu.

Anawongoka pang'onopang'ono n'kutsamira pikapu. Mlongo wake anatsika msanga.

"Achimwene, muli bwino? Chizungulire?"

"Ayi. Ndalipeza vuto." Analoza mumpata muja. "Ndi waya. Injini ilibe vuto, kompyuta ilibe vuto. Ndi waya mmodzi wapsa. Ndinamumanga ndi pulasitiki pafupi ndi moto, ndimati ndibwereranso, ndinaiwala."

"Basi?"

"Basi."

Mayiyo anamuyang'ana kumaso, ndipo anaona kuti mchimwene wake akudikira chiweruzo. Anaseka mpaka kugwira bondo.

"Ndiye nkhope yonseyi ndi ya waya? Ine ndilibe sitiroko, koma sabata yatha ndinayenda msewu wonse uwu foni ili padenga la galimoto, ndikuifunafuna m'chikwama. Kuiwala kumeneko n'kwa tonse, achimwene. Musakutengere kuchipatala."

Makutu anapumira m'mwamba, mpweya wautali umene unkaoneka ngati wakhala m'chifuwa chiyambire nkhaniyi. Kenako nayenso anayamba kuseka, pang'ono chabe, mapewa akugwedezeka. Ogulitsa zinthu aja anayang'ana, mmodzi n'kufunsa ngati akufunika kukankhanso.

"Lero ayi," anatero Mai Mazira. "Ndabwera ndi eni ake."

Anadikira kuti ekizozi izizire, atakhala pa chitseko chakumbuyo cha pikapu, mapazi akulendewera. Makutu anameza mankhwala ake ndi madzi ofunda a m'botolo. Mlongo wake anaimbira masitolo otsala kuti achedwa pang'ono, koma kuchedwa kwake n'komaliza. Makutu anangokhala akuyang'ana galimoto zikukwera mtunda, ndipo anazindikira kuti akuzimvetsera monga kale: iyi ekizozi yabooka, iyo lamba wa fani wakhwepa. Anangozisunga mumtima.

Itazizira, anayesa kulowetsa dzanja lamanja mumpata muja, koma silinakwane. Lamanzere linalowa, koma zala sizinkamva waya. Kale zikanamukwiyitsa. Anangolitulutsa n'kupatsa mlongo wake tepi.

"Vula chibangili icho. Dzanja lako ndi laling'ono. Ndikuunikira, uzichita zimene ndikunena."

"Zikhadabo zanga mukazilipira."

Anapinda mkono wa bulauzi n'kulowetsa dzanja mpaka m'phewa, tsaya litatsamira injini. Makutu ankamuuza modekha: kokera waya kuno, siyanitsa timawaya tiwirito tisagundane, kulunga kamodzi kaye pakokha, tsopano kulunga tonse pamodzi, kokera tepi kuti igwire. Mawu onse ankabwera pa nthawi yake. Pomaliza anamupatsa kawaya kachitsulo kuti amangirire wayayo m'mwamba, kutali ndi ekizozi. Mayiyo anatulutsa mkono wakuda bii mpaka m'chigongono, n'kuuyang'ana monyansidwa.

"Ntchito yanuyi ndi yauve."

"Liza."

Inalira. Anabwereza mayeso aja, giya yoyamba, handibuleki, kilatchi pang'onopang'ono. Injini inapendekeka, inabuula, koma sinazime. Anabwereza mpaka kafungo ka kilatchi kanayamba kumveka, mlongo wake n'kunena kuti zakwana. Anachotsa miyala, n'kubwerera pamphambano paja. Mpata utapezeka pikapu inakwera n'kulowa mumsewu waukulu ngati sinavutepo. Onse awiri anakhala chete mpaka pamaloboti otsatira. Inanyamukanso bwino. Ndi pamene mlongo wake anayambiranso kulongolola.

Anamaliza masitolo onse dzuwa lisanapendeke kwenikweni. Atafika kunyumba, mkazi wa Makutu anali pakhonde akusankha zovala zochapa. Anangoona mmene mwamuna wake anatsikira m'galimoto, akuitana wowotcherera kudzera pampanda asanalowe n'komwe m'nyumba, ndipo anabwerera kuzovala zake akumwetulira.

Wowotcherera anapinda kachitsulo monga Makutu anamujambulira ndi choko pansi, n'kukaboola. Anakamanga pa bawuti ina ya kuseri kwa injini. Wa mawaya anabwera mawa lake m'mawa, anadula malo opsawo, n'kulumikiza waya watsopano ndi mtovu, n'kumuveka chikopa chosapsa. Atamva mmene vutolo linapezekera anapukusa mutu.

"Ine ndikanakugulitsani kompyuta yabwinobwino, madala. Njira yoipendeketsa ija ndiibako." Anazimitsa makina ake n'kuwonjezera kuti, "Pali minibasi ya mlamu wanga, giyabokosi ikulira. Ndimati ndikufunseni kalekale koma ndimaopa kukuvutitsani. Ndibwere nayo?"

Makutu anayang'ana dzenje, anayang'ana tcheni. "Bwera nayo. Koma uuze mlamu wakoyo kuti sindifulumira, ndipo pofunika manja awiri azidzagwira yekha."

Masiku otsatira, foni ikalira chakumasana mtima unkayamba wadumpha. Koma ankakhala wa mawaya, kapena mwana wawo wa kutali kufunsa za moyo. Pikapu inkangodutsa pamsewu m'mawa, hutala kawiri, osaima.

Tsiku lina mvula itagwa, Makutu ali m'dzenje kunsi kwa minibasi, mkazi wake anabwera ndi foni n'kumugwirira pakhutu chifukwa m'manja munali girizi.

"Achimwene," anatero mlongo wake, mawu ake akupikisana ndi mvula yogunda padenga la galimoto. "Ndili kutali kuno, kupitirira famu."

"Yazima?"

"Ayi, injini ili bwino, musayambe. Ndi mawaipa. La mbali yanga likungopukuta m'mwamba, pagalasi osakhudza. Ndikuyendetsa mutu uli panja ngati galu."

"Ima pambali mvula ithe. Ukabwere nayo mawa."

"Mawa ndili ndi maoda ambiri."

"Ndiye mkuja. Pano pali mzere."

Mkazi wake anadula foni, n'kuiika m'thumba la epuloni. Anafunsa ngati abweretse tiyi kudzenje komweko kapena atuluka. Makutu anati atuluka, angomaliza kaye kumasula bawuti imene anali atayamba.